IBM ya mabatani 122 ya pa kaunjika, inachokera pa makina anji ndipo n'koyenera kuigula?

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pa changu musavutike. Ngati mumalemba kwambiri pa kompyuta ndipo simuopa kugwira timawaya ndi chowotcherera, kiyibodi ya IBM ya mabatani 122 ija imapezeka mwa apo ndi apo pa kaunjika wa zamagetsi ndi yabwino kuposa yatsopano iliyonse yomwe mungapeze pa mtengo umenewo. Koma ngati mukufuna yongofika nayo kunyumba n'kubaya pa laputopu basi, isiyeni pomwepo, si ya PC imeneyi, inapangidwira makina ena ake, ndipo ogulitsa ambiri zimenezi sazidziwa, nde adzakuuzani kuti imagwira bhobho iwo asanaiyesepo n'komwe.

Yangayi ndinaigula mu kashopu kena ka makompyuta akale aja amabwera pa kontena kuchokera ku UK, dzina la shopu sinditchula. Inali pansi pa mulu wa ma kiyibodi akuda wamba, iyo yotuwa, chachikulu, mbali imodzi itatulukira kunja kwa katoni poti sinakwanemo. Nditainyamula dzanja linatsika lokha, makilo opitirira awiri, mulitali kupitirira theka la mita. Ndinafunsa mnyamata wa pa shopupo kuti achimwene iyi imagwira? Akuti bwana imeneyo ndi orijino ya IBM, mungobaya pa bowo la netiweki paja pa laputopu yanu. Kkkk ayi ndithu. Koma sindikuwada poti ukayang'ana pulagi yake imafananadi ndi ya chingwe cha intaneti, ija timati RJ45, kukula kwake chimodzimodzi, kakutsekera kakenso komweko. Chonde musaibaye pa rauta kapena pa bowo la netiweki. Mawaya a mkatimo sanyamula za netiweki, ndi moto wa 5V, waya wa pansi, ndi awiri a uthenga wa mabatani, ndipo pali ma switch ena a mu ma ofesi, mabokosi olumikiza makompyuta aja, omwe amatumiza moto pa chingwe cha netiweki, mungaotche chinthu chomwe chakhala chamoyo zaka zoposa makumi atatu.

Nde ndi ya chani? Ndi ya terminal. Achinyamata a masiku ano izi simunazione, koma kale mu ma banki, mu makampani a inshuwalansi, mu ma holoselo akuluakulu, kalaliki sankakhala ndi kompyuta yakeyake pa desiki. Ankakhala ndi sikirini ndi kiyibodi basi, zilembo zobiriwira pa sikirini yakuda, ndipo kompyuta yeniyeni inali imodzi, chimakina chili mu chipinda chozizira kwina, anthu onse mu ofesi akulumikizana nacho pa zingwe. IBM inali ndi mabanja awiri akuluakulu a ma terminal oterewa. Loyamba ndi 3270 lomwe linatuluka mu 1971, la ma mainframe aja akuluakulu. Lachiwiri ndi 5250 lomwe linabwera mu 1977 limodzi ndi makina a System/34, kenako linapitilira pa System/36, System/38, mpaka pa AS/400 yomwe inatuluka mu 1988 ndipo inkapangidwa ku Rochester, Minnesota. Chibale cha AS/400 chikadalipo mpaka pano, anangochisintha dzina kukhala IBM i, ndipo alipo makampani akugwiritsabe ntchito sikirini yobiriwira yomweyo koma pano pa windo la PC.

Kuti mudziwe kuti yomwe mwagwirayo ndi ya banja liti, simufunika intaneti poyamba, ingowerengani zolembedwa pa mabatani. Pamwamba pali mizere iwiri ya mabatani 12, onse 24. Pa zakale kwambiri za 3270 amalembedwa PF1 mpaka PF24, pa zakale za 5250 amalembedwa Cmd1 mpaka Cmd24, za pambuyo pake zambiri anangolemba F1 mpaka F24 ngati yangayi, nde apa mzere wapamwamba sukuthandizani. Yang'anani kwina. Mukaona PA1, PA2, ErEOF, CrSel, imeneyo ndi ya 3270, inkalankhula ndi mainframe. Mukaona batani lalikulu lomwe inu mumalidziwa kuti Enter litalembedwa Field Exit, komanso ku manambala kuja kuli Field+ ndi Field-, imeneyo ndi ya 5250. Yanga ndi ya Field Exit. Enter weniweni ali pansi kumanja pomwe pa kiyibodi yanu pali Ctrl, ndipo Ctrl wakumanzere m'malo mwake muli Reset. Kumanzere kwenikweni kuli gulu la mabatani 10 ataima mizere iwiri, muli Attn, SysRq, Clear, Print, Help ndi ena. Mivi siinakhale ngati T wozondoka muja tinazolowera, yakhala mopingasana, batani lachisanu lili pakati. Esc palibe. Batani la Windows palibenso, ilo linayamba mu 1994 pa kiyibodi ya Microsoft, iyi sizikuikhudza.

Apa ndi pomwe ine zimandisangalatsa poti mabatani amenewa amakuuza mmene munthu ankagwirira ntchito. Terminal ya 5250 sinkatumiza chilembo chilichonse ku makina aakulu pomwe wachidinda ayi. Makina ankatumiza fomu yonse pa sikirini, dzina apa, nambala ya akaunti apa, ndalama apa, kalaliki nkumadzaza mipata yonseyo terminal ikusunga yokha, akamaliza adinde Enter ndipo sikirini yonse imapita kamodzi. Nchifukwa chake makina amodzi ankatha kutumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi, sankasokonezedwa ndi batani lililonse. Nde batani lomwe kalaliki ankalimenya kwambiri silinali Enter, linali Field Exit, lomwe limafufuta zotsalira mu mpata umene uli, kukankhira manambala kumanja ngati mpatawo ndi wotero, n'kudumphira mpata wotsatira, ndiye analipatsa malo aakulu aja pafupi ndi chala chaching'ono. Field- linali lolowetsera nambala ya negetivu, monga ndalama yobwezedwa. Ukalemba chilembo pomwe pakufunika nambala kiyibodi inkadzitseka, sungalembenso kanthu mpaka udinde Reset. Ndipo ukadinda Enter, pansi pa sikirini pankatuluka X SYSTEM kutanthauza kuti dikira makina akuganiza. Mzere wapansi womwewo ndi umene unkaonetsanso ngati Shift yatsekedwa, nde pa kiyibodiyi palibe timagetsi tija ta Caps Lock ndi Num Lock, malo ake ndi osalala. Musaganize kuti tinathyoka, sitinaikidwe. Pa yangayi ukaipendeketsa pa dzuwa umaona bwinobwino, mabatani a manambala ndi Field Exit anasalala mpaka kung'anima pakati, pomwe F13 kukafika F24 akadali okhakhala ngati atuluka dzulo mu fakitale. Koma zilembo zonse zikuwerengeka, ngakhale pa osalalawo, poti utoto wake sanaupake pamwamba, anaulowetsa mkati mwa pulasitiki ndi moto, ndipo pulasitiki yake ndi ija amati PBT yomwe siichita chikasu msanga.

Kenako itembenuzeni. Kumbuyo kumakhala sitika, ndipo IBM pa nkhani ya sitika sinkachita ulesi, pali part number, nthawi zambiri manambala 7, zambiri za nthawi imeneyo zimayamba ndi 139 (ija ya PC yotchuka kwambiri ndi 1391401), pali tsiku lomwe inapangidwa, pali dziko, penanso chilembo cha modelo, M kapena F. Part number imeneyo mukailemba pa Google pamodzi ndi mawu oti IBM keyboard mupeza anthu okonda zinthuzi anazisanja kale, nambala iyi ndi ya terminal yakuti, chilankhulo chakuti. Yanga sitika ikuti United Kingdom, kumayambiriro kwa ma 1990, ndipo chizindikiro cha £ chilipo pa mabatani, zikugwirizana. Za ku UK zinkapangidwa ku Greenock, ku Scotland, tawuni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde komwe IBM inali ndi fakitale yaikulu kuyambira m'ma 1950, ndipo inkapangira misika ya ku Ulaya, Middle East ndi Africa. Mtsinje womwewo wa Clyde ukaukwera kudutsa Glasgow umakafika ku Blantyre woyamba uja kwawo kwa David Livingstone, izi zilibe ntchito pa kiyibodi koma ndinaseka ndekha nditaona pa mapu. Za ku America zinkapangidwa ku Lexington, Kentucky, zinanso ku Guadalajara ku Mexico. Mu 1991 IBM inagulitsa mbali yake ya ma printa ndi ma kiyibodi ya ku Lexington nkukhala kampani ya Lexmark, nde mukaona sitika ikuti yapangidwa ndi Lexmark koma kutsogolo kuli chizindikiro cha IBM musati ndi feki, ndi yomweyo, yangopangidwa 1991 itadutsa. Sitika ikakhala kuti inamatuka, chizindikiro cha kutsogolo chimathandizako pang'ono, cha makona anayi chonyezimira ndi cha zoyambirira, chozungulira ngati dzira chotuwa chinabwera pambuyo, cha zilembo za buluu ndi cha m'ma 1990 muno. Ndipo mukaitsegula nthawi zambiri pa chitsulo cha mkati pamakhala sitika ina.

Pulagi nayonso imanena msinkhu. Za ma terminal akale monga 3179, 3180, 3196 ndi 3197 zili ndi pulagi yozungulira ya mapini 5 yotchedwa DIN, ndipo apa pali msampha, ma PC akale a AT nawonso anali ndi DIN ya mapini 5, koma mapini a PC amapanga theka la bwalo, madigiri 180, pomwe a terminal atambasuka mpaka madigiri 240. Ukayang'ana mwachangu ndi chimodzimodzi, ukabaya sizilowa. Ya ngati RJ45 ija ndi ya ma terminal a pambuyo omwe IBM inawatcha InfoWindow, manambala ake ndi 347x ndi 348x, ndipo bokosi la kiyibodi yake analichepetsako mphepete poyerekeza ndi zakale zija. Yanga ndi ya gulu limeneli. Msampha wina ndi kiyibodi ya terminal ya 3151, imeneyo ukaiona umati ndi Model M wamba, kiyibodi ya IBM ya PC, poti mabatani ake asanjidwa pafupifupi mofanana, koma timagetsi palibe ndipo pulagi ndi yomweyi ya ngati ya netiweki. Nayonso siigwira popanda konveta, kachipangizo komasulira uthenga wake kuti PC iumve.

Chinthu china chofunika kuchiona musanatulutse ndalama ndi chakuti ndi Model M kapena Model F, poti za mabatani 122 zilipo za mitundu yonse iwiri ndipo kutsogolo zoyambirirazo zimafanana kwambiri. Model F ndi yakale, inayamba mu 1981, ndi yomwe inabwera ndi IBM PC yoyamba, mkati mwake mabatani amamveka kudzera pa bolodi yomwe imayeza kusintha kwa mphamvu ya magetsi popanda kugundana kwa zitsulo. Model M inabwera cha m'ma 1985 IBM ikufuna kuchepetsa mtengo wopangira, m'malo mwa bolodi ija anaika timapepala ta pulasitiki topyapyala tokhala ndi mizere ya magetsi. F ya 122 pansi pake ndi pa chitsulo, yolemera kuposa M, kulira kwake kwakuthwa. Okonda ma kiyibodi kunjaku amailipira ndalama zambiri kuposa M, nde mukaipeza pa kaunjika pansi pake pali chitsulo chozizira, musaonetse mano pamaso pa wogulitsa, lipirani muzipita.

Si zonse za terminal zili za IBM, ndinene mwachidule. Mukaona yayitali yopyapyala yokhala ndi mabatani olembedwa Do, Help ndi Compose Character, ndi LK201 ya kampani ya DEC ya ku Maynard, Massachusetts, yomwe inkapita ndi terminal ya VT220 ya mu 1983, ndipo ndi imeneyi inatchukitsa mivi ya T wozondoka yomwe tonse tili nayo lero. Pulagi yake ndi kakang'ono ngati ka chingwe cha chogwirira cha foni ya pa desiki, imadya 12V ndipo imalankhula chilankhulo chinachake, konveta ya IBM siingathandize, komanso kunena zoona kalembedwe kake si kokoma. Za kampani ya Wyse, monga za WY-60, nazo zili ndi kapulagi kakang'ono kofanana nako koma mkati zambiri muli ma switch akuda a Cherry MX, timakina ta pansi pa mabatani, anthu amazigula kuti achotsemo ma switch ndi mabatani. Nde kapulagi kofanana sikatanthauza mawaya ofanana, osangobaya poti kalowa.

Tibwerere kwa yanga. Kutsegula kwake kumafuna sipanala ya bokosi ya 5.5 mm yopyapyala khoma, poti mabawuti ake akhala mkati mwa mabowo opapatiza, yonenepa siilowa. Ndisanatsegule n'komwe ndikaigwedeza inkalira tsekeretsekere mkati, nditatsegula munali ma sitepulo, kakilipi ka mapepala kochita dzimbiri, tsitsi, fumbi lomatana ngati thonje, komanso timitu takuda ta pulasitiki tozungulira. Timitu timeneti nde matenda a Model M. Chipepala cha pulasitiki chomwe chimagwira mabatani anachimanga pa chitsulo chopindika cha pansi ndi timisomali ta pulasitiki tosungunulidwa kumutu, ndipo zaka zikamapita timitu timathothoka. Tikathothoka tochepa palibe vuto, yanga imalemba bwinobwino, koma tikachoka tambiri pamalo amodzi mabatani a pamenepo amayamba kumveka fwofwo kapena osagwira kumene, ndipo mankhwala ake ndi kuboola n'kuika timabawuti tating'ono m'malo mwake, ntchito ya tsiku lonse yofuna mtima wodekha. Nde ku shopu igwedezeni pafupi ndi khutu, kenako dindani batani lililonse limodzilimodzi mumve ngati onse akulira mofanana. Mabatani ndinawazula n'kuwanyika mu madzi ofunda a sopo wa ufa, ambiri ndi a zigawo ziwiri, kachipewa ka pamwamba kamavuka pakokha nde samalani timasowa msanga, ndipo aumitseni mpaka mkati musanabwezere. Madzi asayandikire timapepala ta mkati tija, ndipo timasipuling'i musatikoke, tikapindika batani limenelo latha. Jambulani chithunzi musanazule, mabatani 122 a mayina achilendo simungakumbukire malo ake.

Tsopano nkhani ya kuilumikiza. Tima adaputa totchipa tija ta PS/2 (pulagi yozungulira ya ma kiyibodi akale a PC) kupita ku USB sitithandiza ngakhale mutadula chingwe n'kulumikiza mawaya molondola, chifukwa ma kiyibodi a terminal amenewa amatumiza manambala a mabatani mu dongosolo lomwe amati scan code set 3, pomwe tima adaputato timayembekezera set 2 ya PC. Pamafunika konveta yoganiza. Yodziwika kwambiri ndi Soarer's Converter, pulogalamu yomwe imaikidwa pa kabolodi kakang'ono ka chip ya ATmega32U4, monga Teensy 2.0 kapena Pro Micro, ndipo pogula Pro Micro onetsetsani kuti ndi ya 5V ya 16 MHz poti ilipo ina ya 3.3V yomwe siyoyenera apa. Mapulogalamu ena a kiyibodi otchedwa TMK ndi QMK nawonso ali ndi ma konveta a ntchito yomweyi. Mawaya ndi anayi basi, moto, wa pansi, ndi awiri a uthenga aja, clock ndi data. Ine sindinadule chingwe, ndinagula soketi ya netiweki ya pa khoma ija n'kuwotcherera kabolodi kumbuyo kwake, kiyibodi imabayidwa pa soketi, soketi ku laputopu pa USB, chingwe cha orijino chili chonse. Mitundu ya mawaya musaikhulupirire, yezani ndi mita kuchokera pa pulagi kukafika pa bolodi ya mkati. Amene simukufuna zowotcherera zilipo zingwe zopangiratu zomwe anthu amagulitsa pa eBay, koma mukaphatikiza ndi kutumiza mtengo wake umaposa wa kiyibodiyo kutalitali, kapena pitani ndi kabolodi kwa anyamata okonza mafoni, timawaya tinayi kwa iwo ndi masewera.

Ikayaka sikuti zatha, muyenera kuiuza batani lililonse lachilendo kuti likhale chani, ndipo pa Soarer zimenezi umalemba mu kafayilo ka mawu n'kukatumiza mu kabolodi, zimasungika momwemo nde ukasintha kompyuta sizisowa. Field Exit ndinamupanga Enter, Reset ndi Enter wakale onse ndi ma Ctrl, Esc ndinamuika pa batani lapamwamba la gulu la kumanzere lija, la Windows pansi pa gulu lomwelo. Zala zimavutika masiku oyamba, makamaka pa mivi poti wopita pansi watsika mzere umodzi ndipo chala chimakagwera pa batani la pakati, ine ndinangolipanga lapakatilo kukhalanso muvi wa pansi, nkhani inathera pomwepo. Koma phindu lalikulu ndi F13 mpaka F24. Windows ndi Linux zimawadziwa mabatani amenewa ngakhale kiyibodi wamba ilibe, ndipo mapulogalamu ambiri sawagwiritsa ntchito, nde ukhoza kuwapatsa ntchito zako, lina kutsegula Excel, lina kutsitsa voliyumu, lina kulemba ŵ yemwe pa kiyibodi wamba timachita kumusaka.

Kalembedwe kake nde eee. Pansi pa batani lililonse pali kasipuling'i koima chilili pamwamba pa kanyundo ka pulasitiki, ukamadinda kamafinyika mpaka pena pake kamagonja n'kupindikira pambali, kupindika kumeneko kumagwetsa kanyundo pa timapepala tija ndipo chilembo chimatuluka nthawi yomweyo. Kutanthauza kuti kulira komwe wamva, kugonja komwe chala chamva, ndi chilembo pa sikirini ndi chinthu chimodzi, sizongowonjezera kuti zimveke bwino ngati pa ma kiyibodi ena a masiku ano. Luso limeneli ndi la injiniya wa IBM dzina lake Richard Hunter Harris, patenti yake inatuluka mu 1978. Zotsatira zake sufunika kumenya batani mpaka pansi, ukangomva kuti lagonja umachoka, ndipo zolakwitsa zimachepa poti batani silingadindike mwangozi ukangolikhudza. Ndi yolimbirapo kuposa ya laputopu, madzulo oyamba timinofu ta pamwamba pa dzanja timadandaula, kenako zimazolowera, ndipo ukabwerera pa laputopu umamva ngati palibe chomwe ukudinda. Mizere ya mabatani ndi yopindika mokwera chifukwa cha chitsulo cha pansi chija nde zala sizitambasuka kwambiri pofika mzere wa manambala. Ndipo siisuntha pa tebulo olo ulembe mokwiya bwanji.

Zoipa zake zilipo ndipo sindibisa. Phokoso. Ukathamanga imalira ngati chimanga chikuthetheka mu chiwaya, pamwamba pake kamvekedwe ka sipuling'i kotsalira, mayi a kunyumba anandiuza poyera kuti ikakwana nthawi yogona ana chimenecho chizipumula, ndipo pa foni ya ntchito anzako amamva chilichonse ukulemba. Mu ofesi ya anthu ambiri musapite nayo, mudana ndi anthu. Kukula kwake nako, tebulo laling'ono mbewa imasowa pokhala ndipo imakhala kutali ndi dzanja, phewa limamva. Siiwala, nde magetsi akathima ukugwira ntchito pa batire la laputopu uyenera kukhala wodziwa mabatani pamtima. Ochita magemu iyi si yanu, Model M imangotsimikiza mabatani awiri nthawi imodzi, ena atatu ukawaphatikiza limodzi limasowa, F ndi yomwe imamva onse. Komanso batani likasowa simulipeza mu shopu iliyonse mtauni muno, ngakhale mabatani a Model M ina iliyonse amalowa bwinobwino nde yakufa mukaipeza motchipa tengani ikhale ya sipeya.

Za shopuyo, mtengo anandipatsa wabwino, wotsika kuposa kiyibodi yatsopano ya pulasitiki yopepuka ija, mwina poti inawakwana kudya malo. Anandilola kuitembenuza, kujambula sitika ndi kudinda mabatani onse osandithamangitsa, pamenepo ndawayamikira. Chomwe sindinakonde ndi chija chonena kuti imagwira asanaiyese, ndi kuuza kasitomala kuti akabaye pa netiweki, komanso katundu wa mtundu umenewu akuti sabweza. Munthu wosadziwa akanapita nayo kunyumba, yakana, wabwera, amuuza kuti mwaiwononga nokha. Ma kiyibodi amangowaunjika osakulunga zingwe nde tizipewa ta mabatani timagwera pansi pa katoni, musanachoke pemphani kuti mufufuze pansipo, ine F7 ndinamupeza mmenemo.

Amene mwaikonda koma za konveta zakutopetsani, kampani ya Unicomp ya ku Lexington komweko inatenga zipangizo zopangira ma kiyibodi amenewa mu 1996 Lexmark itasiya, ndipo imapangabe a sipuling'i yomweyi kuphatikizapo ya mabatani 122 ya USB yongobaya. Koma ndi katundu wolemera wochokera ku America, kutumiza kokha ndi msonkho mudziwerengere nokha, pokhapokha ngati muli ndi m'bale akubwera ndipo ali ndi makilo otsala mu chikwama. Mukamaoda onetsetsani zolembedwa pa mabatani poti amagulitsa za 5250 ndi za 3270 zomwe, ndipo kumeneko mungagulenso tizipewa ta Esc ndi Ctrl toti mulowetse pa yakale ngati alendo kunyumba akumasokonezeka ndi Reset.